Maliro ka Fote-Seveni pa Tsamba Limodzi

"Fote-faifi... fote-sikisi... fote-seveni!"

Yankho anaponya msomali womaliza m'chitini n'kuwomba m'manja. Anali atakhala pa chivundikiro cha bokosi la maliro ngati ali pa sofa, miyendo ili lendelende, foni ili m'dzanja. Msomali uliwonse unkaimira pamalo pamodzi pamene mawu akuti "maliro" anatuluka pa tsamba la pa intaneti limene ankalemba.

"Tsika pamenepo iwe," anatero bambo ake, a Efulemu Phiri, osasiya kupala thabwa. "Vanishi sanaume."

"Wauma, ababa. Ndayesa ndi siketi."

A Efulemu anali kalipentala pa Nathenje, m'mphepete mwa msewu waukulu. Zitseko ankakhoma, mabenchi ankakhoma, koma chimene chinkadyetsa banja anali mabokosi. Vuto linali loti masiku ano wogula bokosi nthawi zambiri sakhala kumudzi. Ali m'tauni kapena ku Joni. Uthenga ukamupeza amangotenga foni n'kulemba pa intaneti kuti "bokosi la maliro Mitundu", ndipo amene watuluka pamwamba ndi amene amaimbiridwa. Pamwambapo pankatuluka shopu ina ya m'tauni. A Efulemu anali kumunsi kwenikweni, kumene safikako munthu ngakhale wosochera.

Webusayiti anawakonzera Vincent, munthu wa zamakompyuta wa ku Lilongwe. Zolembamo anasiyira Yankho, amene chimalizireni Fomu 4 ankangozungulira pa shopu kusowetsa anthu mtendere. Vincent anamuuza kuti makina osaka zinthu pa intaneti amawerenga tsamba n'kuona kuti mawu amene anthu akusakawo atulukamo kangati. Pa mawu handiredi aliwonse, anati, azituluka kawiri. Ukakakamira katatu. Ndipo uzitchula mayina a malo.

"Kawiri?" anatero Yankho Vincent atangochoka. "Zili ngati feteleza izi. Mlangizi amakuuza kuti kachitsekerero kamodzi pa phando, iye kumunda kwake akuthira titatu."

Ndiye anathira. Mayina a malo sanavutike nawo. Anangotsata msewu wafumbi wochoka pa Nathenje kupita ku Mitundu, mudzi ndi mudzi, monga momwe akabaza amadutsira.

"Tamverani, ababa," anatero, n'kukonza pakhosi ngati wowerenga nkhani pa wailesi. "Maliro kwa Chizumba? Bokosi la maliro lilipo. Maliro kwa Ndelema? Bokosi la maliro lilipo. Maliro kwa Kafuwa, maliro kwa Kamphandira, maliro kwa Mtambalika, ife takonzeka kale. Maliro lero, maliro mawa, maliro sasowa. Maliro pa Nathenje, maliro pa Nathenje penipeni, tikudikira inu."

"Iwe! Ukutemberera ndani?"

Anali mayi ake, a Zipora, ataima pakhomo ndi mbale ya mbatata yophika. Mbaleyo anali ataipendeka osazindikira, mbatata imodzi n'kugwera m'utuchi.

"Si anthu amene ndikuwalembera, amama. Ndi makina."

"Nanga kwa Mtambalika kwalowamo bwanji? Si kwathu kumeneko? Mchombo wako uli kumeneko iwe."

"Midzi inandithera."

"Fufuta."

Yankho anayang'ana bambo ake. A Efulemu anapemerera utuchi pa thabwa, n'kuliyang'ana ndi diso limodzi ngati lawongoka. Mabokosi sikisi anali atasanjikizana kukhoma kuyambira mwezi wa Malichi, fumbi lili mbuu.

"Mayi a Yankho, za mafoni sitizidziwa ife. Musiyeni mwana ayese."

Yankho anadina. Tsamba linapita.

Patatha masabata awiri, a Efulemu anali pamwamba pa intaneti. Yankho anavina pakati pa mabokosi mpaka wogulitsa mandasi kutsidya kwa msewu anaima kumaonerera. Mawa lake foni inalira. Anali mayi wina ku Joni, akulira, kuti amayi ake atisiya kwa Chizumba, ndipo wapeza nambalayi pa intaneti. A Efulemu anakapereka bokosi, anakhala nawo pa mwambo wonse monga mwa chizolowezi chawo, n'kubwerera kukakhoma lina kuti mulu usachepe.

Sabata yotsatira inali ya kwa Ndelema. Mkulu wina mlimi wa fodya anangogwa m'chigafa akumanga mabelo. Anaimba ndi mwana wake wamkazi wa ku Blantyre.

Patapita masiku naini, kwa Kafuwa. Mphunzitsi wopuma pantchito.

Munali mu Juni, ndipo m'miyezi yozizira anthu amamwalira paliponse. Ku Diamphwe anaika anthu atatu sabata imodzimodziyo. Ku Malingunde awiri. Amenewo palibe anawawerenga, chifukwa sanali pa tsamba.

Kwa Kafuwa kuja, a Efulemu atatsitsa bokosi anaona kuti adzukulu, anthu okumba manda aja, sanawaseke monga amachitira. Nthawi zonse ankawafunsa ngati ayeza kale la iwo eni. Ulendo uno analandira bokosi maso ali pansi, ndipo wina anapukuta manja m'thalauza atamaliza kunyamula. Pansi pa mtengo wa mthethe anyamata anayi anali atawunjikana pa foni imodzi. Wina ankawerenga chapansipansi. A Efulemu anangomva mawu amodzi okha, akubwerabwera ngati ng'oma yakutali.

Tsiku la msika ku Mitundu, a Zipora anayala zitenje zawo pamalo pawo pa nthawi zonse. Dzuwa linakwera mpaka pamutu popanda wogwirako nsalu. Amene ankayala nawo pafupi anali atasunthira kutali pang'ono, ngati pali chonunkha. Kenako kunabwera Esitere, mnzawo wa kukwaya, n'kunjuta ngati akusankha chitenje.

"Musandiyang'ane," anatero. "Yang'anani apa."

Pansi pa nsalu anatulutsa foni. Chinali chithunzi cha tsamba la Yankho, chimene chinkazungulira m'magulu a pa Watsapu a midzi yonse ya m'njira ija. Wina anali atajambulapo mitanda yofiira. Chizumba, mtanda. Ndelema, mtanda. Kafuwa, mtanda. Pa Kamphandira panali chizindikiro cha funso. M'munsi mwake munalembedwa kuti: Mwaona mmene akuyendera?

"Akuti amuna anu amaitana," anatero Esitere. "Akuti bokosi limayamba lakhomedwa, mwini wake n'kutsatira."

"Iwe Esitere, ukundidziwa zaka zingati?"

"Ine ndikukudziwani. Koma ndikanakhala inu ndikanapinda nsaluzi pano."

A Zipora anapinda. Pokwerera njinga zamoto, akabaza atatu anawakana. Wachinayi sanawakane n'komwe, anangowayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumpango. Anali Esau, wapampando wa akabaza a pa Mitundu. Mkulu anagwa m'chigafa kwa Ndelema uja anali bambo ake.

"Mukawauze a Phiri," anatero Esau mofatsa, "kuti bokosi lija linawakwana bwino ababa. Ngati anachita kuwayeza."

Lachinayi masana kunafika a Abednego pa njinga yakapalasa. Anali mlongo wawo wa a Zipora, komanso mkulu wa adzukulu kwa Mtambalika. Masiku onse ankalowa m'shopu akufuula kuti, "Akamwini, mwakhomera angati lero?" Tsiku limeneli sanafuule. Njinga sanaitsamiritse n'komwe.

"Alamu, takulandirani," anatero a Efulemu. "Yankho, mpando."

"Mpando wake wa matabwa ati? Ndiima." Anatembenukira kwa Yankho. "Kamtsikana iwe, unalemba ndiwe?"

"Ndine, atsibweni. Koma si zimene anthu akunenazo. Ndi za makina osaka. Mawu akatuluka kambirimbiri pa tsamba, makina amadziwa kuti tsambali ndi la nkhani imeneyo, ndiye amalikweza pamwamba kuti anthu alipeze. Basi."

"Makinawo ali kuti?"

"Kunja. Mwina ku Amereka."

"Unawaonapo?"

"Ayi."

"Bambo akowa anawaonapo?"

"Ayi, atsibweni."

A Abednego anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye pali chinthu chosaoneka, chili kutali. Iwe umachitchulira mawu amodzimodzi kambirimbiri, n'kuchitchulira midzi ya anthu, icho n'kukubweretserani maliro pakhomo. Ndamva bwino?"

A Abednego sanadikire kuti awayankhe.

"Tsopano ndikafotokoze zimenezi kwa adzukulu anzanga, kuti amvetse kuti si ufiti?"

Lole ya fodya inadutsa pamsewu, malata n'kunjenjemera.

"Alamu," anatero a Efulemu, "inu mukundidziwa. Ndine mkulu wa mpingo. Zaka twente-thuu ndikukhoma mabokosi, ndinaphapo ndani?"

"Za ine zisiyeni. Mverani zimene ndabwerera. Adzukulu a midzi isanu tinakumana dzulo. Bokosi lanu silidzalowanso kumanda kulikonse m'njira imene ija. Izo n'zazing'ono. Esau ndi anzake agula chigubu cha petulo, ndipo si cha njinga. Ndawagwira mwendo kuti adikire mpaka Loweruka. Loweruka mubwere kwa Mtambalika ndi mabokosi onse muli nawo, mudzawaphwasule nokha anthu akuona. Ndipo tsambalo lichoke lero."

"Lichoka pompano," anatero Yankho, zala zili kale pa foni.

"Mudzi wathu ndi wachisanu," anatero a Abednego, mawu atatsika. "Ndipo mukudziwa amene wagona m'nyumba mwanga."

Ankanena akazi awo, a Felesiya, amene kuyambira nthawi ya dzinja ankangoonda. Anthu ankati ndi zilonda za m'mimba.

Yankho anafufuta zonse. Tsamba linatsala loyera, dzina la shopu ndi nambala basi. Anaonetsa atsibweni ake. A Abednego anatulutsa foni yawo yosweka galasi, n'kumupatsa.

"Saka apa tione."

Yankho analemba "maliro Mitundu". Pamwamba penipeni panatuluka dzina la a Efulemu, ndipo m'munsi mwake, timalemba ting'onoting'ono: Maliro kwa Kamphandira, maliro kwa Mtambalika, ife takonzeka kale.

"Wafufuta chiyani nanga?"

Yankho anaimbira Vincent, n'kukweza mawu kuti onse amve.

"Yankho, ndinati kawiri," anatero Vincent. "Unaika kangati?"

"Fote-seveni."

"Pa mawu angati?"

"Mwina firii handiredi."

Vincent analiza likhweru. "Zinakwera chifukwa pa Chichewa palibe wopikisana naye. Koma makina sakonda zimenezo, akazindikira amaligwetsa tsamba okha."

"Ndafufuta, koma zikuonekabe."

"Amasunga zakale mpaka adzadutsenso kudzawerenga. Mwina mawa. Mwina masabata awiri. Ndingayese kupempha kuti afulumire, koma sindingakulonjeze."

"Nanga chithunzi chikuzungulirachi?"

"Chimene chili m'mafoni a anthu? Chimenecho, mlongo wanga, ngakhale anapanga makinawo sangachifufute."

A Abednego analandira foni yawo, n'kuiika m'thumba. "Ndiye kuitana kumatheka, kubweza ayi," anatero. Anakwera njinga.

Lachisanu m'mawa foni ya a Efulemu inalira ali pakati posesa utuchi. Nambala yachilendo. Analola kuti ilire mpaka inaduka. Inayambiranso. Yankho ndi mayi ake ankangoiyang'ana ili njenjenje pa benchi, ikuyenda yokha kulowera kumapeto. Isanagwe, a Efulemu anaitola.

"Ndi a Phiri a mabokosi? Ndikuimba kuchokera ku Mzuzu. Achimwene anga atisiya mbandakucha uno. Ndapeza nambala yanu pa intaneti."

"Pepani kwambiri. Mudzi wake uti?"

"Kwa Kamphandira."

A Efulemu anakhala pansi. Sanaone n'komwe kuti akhala pa bokosi.

"Mabokosi atha," anatero, sikisi ali kumbuyo kwawo.

"Atha bwanji? Apa mwalemba kuti mwakonzeka kale."

Anadula foni. Pofika masana chithunzi chija chinali ndi mitanda inayi, ndipo funso linali litasunthira pa Mtambalika.

"Tiyeni kwa alongo anu ku Dedza," anatero a Zipora. "Lero lomwe. Tisiye zonse."

"Tikathawa ndiye kuti tavomera."

"Nanga tikapsa ndiye kuti takana?"

A Efulemu anayamba kutsitsa mabokosi limodzilimodzi. Yankho anafuna kugwira mbali ina.

"Siya," anatero. "Wagwira zokwanira."

Loweruka galimoto inavuta. Amapikapu onse a pa Nathenje anali ndi zifukwa, wina matayala, wina mwana wadwala. Anavomera ndi dalaivala wa lole ya fodya wochokera ku Ntcheu, amene nkhaniyi inali isanamupeze. Anadutsa kwa Chizumba, kwa Ndelema, kwa Kafuwa, mabokosi akugundana kumbuyo. Kulikonse amayi ankakoka ana kuwalowetsa m'nyumba. Kwa Kamphandira anapeza anthu ali pasiwa. Nyimbo inaduka pakati lole ikudutsa, ndipo sinayambirenso mpaka anakhota.

Kwa Mtambalika anthu anali atadzaza kale pabwalo la kutsogolo kwa nyumba ya a Abednego. Adzukulu anakhala mbali imodzi, makasu ali pamiyendo. Njinga zamoto seveni zinaima pamzere pansi pa mtengo wa mango. Esau anakhala pa yake chammbali, chigubu chachikasu chili pakati pa mapazi.

Panalibe wopereka moni. A Efulemu anavula jekete, n'kupatsa akazi awo. Anatenga mgwala ndi hamala.

Bokosi loyamba linalira ngati chitseko chakale pamene misomali inkazuka. Lachiwiri linali ndi nsalu yoyera mkati, imene a Zipora anasoka okha. Anaing'amba. Pa lachitatu thukuta linali litanyowetsa malaya onse ngakhale kunkazizira. Mkulu wina anati, "Aphwasule bwinobwino, tione ngati mulibe kanthu m'makona." A Efulemu anaphwasula bwinobwino. Munalibe kanthu m'makona. Anthu sanaoneke kuti akondwa nazo.

Lomaliza linali la mbawa, lofiirira, lowala moti munthu n'kudziona nkhope. A Efulemu atangolowetsa mgwala pansi pa chivundikiro, dzanja linawagwira pamkono.

"Alamu, tabwerani kaye mumwe madzi," anatero a Abednego mokweza. "Mungatigwere pano, tiwonjezere ntchito."

Anawatengera kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nkhokwe, m'mbali mwa mpanda wa udzu. Yankho analandira jekete kwa mayi ake ngati chifukwa, n'kuwatsatira. Madzi kunalibe.

"Limenelo muzule misomali yokha," ananong'ona a Abednego. "Matabwa musawaswe. Musawadule."

A Efulemu anawayang'ana.

A Abednego anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kabuku ka kuchipatala, kopindikapindika. "Si zilonda za m'mimba. Ndi khansa. Anandiuza mu Febuluwale. Anati tingomusamalira kunyumba, miyezi yake ndi yowerengeka."

"Febuluwale?" anatero Yankho. "Atsibweni, ine tsamba ndinalemba mu Meyi!"

"Tsitsa mawu."

"Ndiye mumadziwa?" anatero a Efulemu. "Munaima m'shopu mwanga, kundiuza za mudzi wachisanu, mukudziwa?"

"Ndimadziwa kuti zikachitika adzakuwotchani. N'chifukwa chake ndinapalasa njinga."

"Kawauzeni anthu ali apowa! Kabuku kali ndi deti aka!"

"Ndiuze bwalo lonse, mwini wake asakudziwa?" anatero a Abednego. "Akuti akachira akufuna akaone mdzukulu ku Kasungu. Wasankha kale chitenje chake. Inu mungamuuze? Tengani kabukuka. Tsiku likadzafika mudzawaonetse."

"Tsiku likadzafika adzayamba awerenga kaye asanakoleze?"

"Chitenjecho ndi chobiriwira chija," anatero mawu ena kuseri kwa mpanda. "Koma si cha ku Kasungu."

Onse atatu anatembenukira ku mpanda.

"Zungulirani kuno. Ine sindingadzuke kukutsatirani kumene mukunong'onezana ngati akuba nkhuku."

A Felesiya anali atagona pa mphasa kuseri kwa mpandawo, akuwothera dzuwa, bulangete lili mpaka pachifuwa. Anali atatha moti mphete yaukwati anaimangirira pa ulusi m'khosi. Maso okha ndi amene anatsala a Felesiya akale.

"ANabanda," anatero a Abednego kwa akazi awo, "mwamva chiyani?"

"Ndamva mwamuna wanga akuulula chinsinsi changa. Mukuganiza kuti adokotala anayamba kuuza ndani? Anandiuza ine. Ine ndi amene ndinawapempha kuti bambowa muwauze pang'onopang'ono, mtima wawo ndi wa nkhuku, amakumba manda a anthu ena okha." Anatsokomola nthawi yaitali. "Miyezi inayi ndikunamizira Kasungu kuti muzidya."

A Abednego anakhala pansi padothi, n'kuphimba nkhope ndi chipewa.

"APhiri," anatero a Felesiya, "la mbawa lija ndinalisirira pa Khirisimasi pomwe. Mukaliswa mudzandiona." Kenako anatembenuza mutu. "Iwe wamakina, bwera kuno. Foni imeneyo imatenga mawu?"

"Imatenga, azakhali."

"Nanga pa gulu la mudzi ulipo?"

"Anandichotsa. Koma foni ya atsibweni ilipo."

"Tenga imeneyo. Dina. Ine ndinena kamodzi, sindibwereza ngati iwe."

Yankho anagwada, n'kuyandikiza foni pakamwa pawo.

"Ndine Felesiya, mkazi wa Abednego. Ndili ndi khansa. Anandipeza nayo mu Febuluwale, mwanayu asanalembe zopusa zakezi. Kabuku kalipo, amene amadziwa kuwerenga adzaone. Ndikapita, ndapita ndi matenda anga. Wina asadzanamizire ine powotcha nyumba ya mlamu wanga Zipora. Ndipo adzukulu mumve, ndidzalowa m'bokosi la aPhiri. Amene sakufuna kulinyamula adzandisiye pakhonde pake. Ndatha."

Yankho anatumiza.

Kubwalo kuja mafoni anayamba kulira imodziimodzi. Kenako mawu a Felesiya anamveka kuchokera mbali zonse, ena ali patsogolo, ena ali m'mbuyo, ngati a Felesiya achuluka. Ndine Felesiya. Ndine Felesiya. Mayi wina anayamba kulira chapansipansi.

A Abednego anadzuka, anapukuta kumaso, n'kutuluka ndi kabuku m'manja. Kanayenda dzanja ndi dzanja pakati pa adzukulu. Mkulu wofuna kuona m'makona uja anakayandikiza kumaso, n'kukatalikitsa, n'kupempha mnzake kuti amuwerengere deti. Atamva anagwedeza mutu, anatola khasu lake n'kumapita. Ena anamutsatira. Amayi anayamba kulowera kuseri kwa mpanda, awiriawiri, kukaona wodwala.

Esau sanakalandire kabukuko. Anamvetsera mawu aja mpaka kumapeto, n'kuwabwerezanso. Kenako anatsegula chigubu. Fungo la petulo linafika mpaka pamene panaima a Efulemu. Anatsegula thanki ya njinga yake n'kuthiramo pang'onopang'ono, maso ali pa a Efulemu. Thanki itadzaza anatseka chigubu n'kuchigwedeza. Munali mutatsala wopitirira theka. Anachimangirira kumbuyo ndi mphira.

"Za mayi awa tamva," anatero. "Mulungu awathandize. Koma ababa analibe kabuku. M'mawa umenewo anadya mbatata zinayi."

"Esau, mwana wanga," anatero a Efulemu, "bambo ako tinaphunzira limodzi Sitandade 5."

"N'chifukwa chake simunavutike ndi muyezo." Anatulutsa foni, n'kukulitsa chithunzi chija ndi zala ziwiri. "Anthu akungowerenga midzi isanu. Sakufika kumapeto. Inu munafikako?"

Anatembenuza foni. Pansi penipeni, pansi pa Mtambalika, panali mzere womaliza. Maliro pa Nathenje, maliro pa Nathenje penipeni.

"Munalemba nokha," anatero Esau. "Kawiri."

Analiza njinga. Zina sikisi zinalira pambuyo pake. Pa mphambano anaima kanthawi, injini zikulira, fumbi likuwazungulira. Kumanja ndi ku Mitundu, kumanzere ndi ku Nathenje. Anakhotera kumanja. Womaliza anatembenuka n'kukweza dzanja, ndipo panalibe amene akanalumbira kuti kunali kutsanzika.

Bwalo linatsala ndi matabwa okhaokha. Dalaivala wa ku Ntcheu, amene tsopano nkhani inali itamupeza, anali atachoka kalekale osatsanzika.

Foni ya Yankho inanjenjemera. Unali uthenga wa Vincent. Anauwerenga, n'kusaka yekha kuti atsimikize. Analemba "maliro Mitundu". Pamwamba panali shopu ya m'tauni ija. Anatsika, anatsika, anatsika.

"Ababa," anatero, "makina adutsa. Atichotsa. Sitikuonekanso paliponse."

A Efulemu sanatembenuke. Anali atagwada pa bokosi la mbawa, akuzula misomali umodziumodzi, chikwanje chili pansi pa hamala kuti thabwa lisabooke. Msomali uliwonse ankauwongola n'kuuika m'thumba. Atamaliza ananyamula matabwa aatali aja ndi a Abednego, wina uku wina uku, n'kukawalowetsa m'denga la khonde, kumene mvula ndi chiswe sizifika.

"Mayi a Yankho," anatero atatsika, "nyumba ya malemu amayi anu ija idakali ndi denga?"

"Mbali imodzi."

"Tiyamba ndi mbali imeneyo. Mawa ndikatenga zida ndi makina anu osokera, kukadali kowala. Matabwa otsalawa akwana zitseko ziwiri ndi bedi."

"Nanga shopu?"

A Efulemu anapukuta manja m'malaya. Anayang'ana mwana wawo, amene anali ataima ndi foni m'manja onse awiri ngati yatentha.

"Tsamba lija lidakalipo?"

"Lilipo, ababa. Lili loyera."

"Lembapo kuti tatseka."

Yankho analemba. Chala chinaima m'mwamba. Kenako anafunsa ndi mawu aang'ono amene bambo ake sanawamvepo chibadwire chake.

"Ndilembe kangati?"

"Kamodzi," anatero a Efulemu.